Linda Madzi Apite Ndipo Uziti Ndadala

Akuluakulu akale adasiya mwambi wakuti, "Linda madzi apite ndipo uziti ndadala." Mwambiwu udachokera kwa anthu olima m'mbali mwa mitsinje. Munthu amatha kudzala chimanga m'dimba, chimangacho n'kumera bwino, n'kubiriwira mpaka odutsa m'njira kumachita kuima. Koma mlimi wanzeru sadzitama msanga, pakuti amadziwa kuti dzinja lisanathe, mtsinje ungathe kusefukira usiku umodzi n'kukokolola zonse. Kudala kwenikweni kumadziwika madzi atapita. Tanthauzo lake ndi lakuti ntchito siiweruzidwa tsiku limene yagwiridwa, koma patapita nthawi, itakumana ndi zoiyesa. Denga limayesedwa ndi mvula, mphika umayesedwa ndi moto, ndipo banja limayesedwa ndi zaka. Nkhani ya mkulu wina wa m'dera la Edingeni ikusonyeza kuti mwambi umenewu sudakalambe, ndipo umagwira ntchito ngakhale pa zinthu za kuchipatala zimene makolo sadazione.

Edingeni ndi likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, mfumu yaikulu ya Angoni a m'boma la Mzimba, zidzukulu za anthu amene adawoloka mtsinje wa Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835. Anthu a kumeneko masiku ano amayankhula Chitumbuka, koma ng'ombe, lobola ndi gule wa ingoma adazisunga. M'mudzi wina wa m'derali mudali mkulu amene adatchuka chifukwa cha phazi lake. Iye akalowa m'chibaya, chishango kumanzere chibonga kumanja, n'kuponda pansi kamodzi, fumbi linkachita kuti kobo, amayi n'kuyamba nthungululu. Anyamata ankayesa kumutsanzira, koma m'chiuno mwa mwana simufa nkhuku. Kuvina kudali ulemu wake, monga momwe khola la ng'ombe lidalili chuma chake.

Atapitirira zaka 55, chiuno chake cha kumanja chidayamba kuvuta. Poyamba chinkangouma m'mawa, n'kumasuka dzuwa likakwera. Kenaka kukwera njinga kudakhala ntchito, kukwera ngolo kudakhala nkhondo, ndipo usiku tulo tidayamba kusowa. Adatemera mphini, adamwa mankhwala opha ululu osawerengeka, koma zonsezi zidali kungonyengerera matenda. Pomalizira pake adamujambula X-ray, ndipo dokotala adamufotokozera chimene chithunzicho chidaonetsa. Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira ngati mutu wa chibonga, ndipo umalowa m'kachikho ka fupa la chiuno. Pakati pa mafupa awiriwa pali kachikuto koterera kamene kamachititsa kuti mwendo uzitembenuka mosavuta. Mwa mkuluyu nyamakazi idali itadya kachikutoko, kotero kuti fupa linkakhulana ndi fupa linzake monga mphero ndi mwanamphero. Mankhwala obwezeretsa kachikutoko padalibe. Njira idali imodzi: kuchotsa mfundo yowonongekayo ndi kuikapo yochita kupanga.

M'zaka zimenezo opaleshoni yotereyi inkachitika m'zipatala zowerengeka, makamaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Edingeni, ndipo idali yolipira. Abale adakhala pansi. Kwa Mngoni, kutulutsa ng'ombe m'khola popanda lobola, maliro kapena mlandu si chinthu chapafupi, koma mkazi wake adafunsa funso limene palibe adaliyankha: "Kodi ng'ombezi zidzapindula chiyani mwini wake akamakwawa?" Ng'ombe zisanu zidagulitsidwa, mwana wake wamwamuna wa ku Joni adatumiza zoonjezera, ndipo m'chaka cha 2010 mkuluyo adakwera basi pa Jenda limodzi ndi mwana wake wamkazi kupita ku Blantyre.

Tsiku la opaleshoni lisanafike, namwino adabwera ndi mapepala n'kukhala pambali pa bedi lake. Adamufunsa zaka zake, mudzi wake ndi nambala ya lamya. Adamufunsa kukula kwa ululu, mtunda umene angayende asanapume, ngati amatsimphina, ndiponso ngati angathe kudziveka yekha nsapato. Adamupatsa uphungu ndi kumupempha chilolezo choti amuyeze magazi kuti aone ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Mkuluyo, amene adakula m'masiku a msonkho ndi makadi a chipani, sadakondwe ndi mafunso ochuluka chotere. Adafunsa kuti, "Mama, kodi mukulemba za mwendo kapena mukulemba kalembera?" Namwinoyo adaseka, nayankha kuti, "Zonse ziwiri, adada. Aliyense woikidwa chiuno kapena bondo lochita kupanga m'dziko muno amalembedwa m'kaundula. Lero tikulemba mmene mulili musanathandizidwe. Mukadzabweranso tidzalemba mmene mudzakhalire, kuti tidzadziwe ngati ntchito yathu yagwira." Mkuluyo adasaina, koma mawu akuti "mukadzabweranso" adalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Opaleshoni idayenda bwino. Madokotala adadula mutu wowonongeka wa fupa la ntchafu, nalowetsa m'kati mwa fupalo chitsulo chokhala ndi mutu wobulungira, ndipo m'chiuno adaikamo kachikho ka pulasitiki wolimba. Zonsezi adazimata ndi simenti ya mafupa. Patangopita masiku ochepa, mkuluyo adaimirira ndi ndodo ziwiri, ndipo ululu umene udamusautsa zaka zambiri udali utachoka. A mafizo adamuphunzitsa kuyenda ndi kumupatsa malamulo: asamakhale pamphasa kapena pampando wotsika, asamapingase miyendo, ndipo ku chimbudzi amupangire chokhalira chokwera kuti asamanjute, chifukwa mfundo yatsopano ingathe kuguluka minofu isanalimbe. Lamulo lotsiriza lidali lakuti abwerenso pakatha miyezi itatu, pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pakatha chaka, ndiponso nthawi ndi nthawi m'zaka zotsatira.

Ulendo wa miyezi itatu adaupita, pakuti adali adakali ndi mantha. Ulendo wachiwiri adaukana. Mwana wake wamkazi atamukumbutsa, iye adati, "Ku chipatala kumapita wodwala. Ine ndikukadandaula chiyani? Masiku awiri panjira, ndalama yogulira mbuzi yathunthu, kuti ndikangowauza kuti ndili bwino?" Mwanayo adayankha mwaulemu kuti, "Adada, paja mudalonjeza." Koma mkuluyo adangoloza mwendo wake n'kunena kuti, "Lonjezo langa ndi ili, likuyenda." A ku chipatala adaimba lamya kawiri, iye n'kumangoti, "Yewo, ndamva." Kenaka lamya ija idagwera m'madzi, nambala idasintha, ndipo kuimba kudatha. Mwezi wa Ogasiti wa chaka chotsatira, mkuluyo adavina ingoma pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora, ndipo amene ankamudziwa akutsimphina adagwira pakamwa. Onse adati mkuluyu wadala, ndipo iye adavomereza.

Chodabwitsa n'chakuti mkulu yemweyu sakadalola khalidwe lotere pa nkhani ya ukwati. Iye adakhalapo thenga wa mabanja angapo, ndipo ankadziwa kuti ntchito ya thenga, monganso ya ankhoswe kwa Achewa, siithera pa tsiku la chikondwerero. Ng'ombe zikaperekedwa, mkwatibwi akalowa m'mudzi, wolumikiza mabanjayo amakhalabe ndi udindo. Amapitako kukaona ngati anthu akukhalitsana, ndipo sadikira kuti mbale ziyambe kusweka. Akapeza mtendere, ulendo wake sudapite pachabe, pakuti wadziwa kuti chimene adamanga chalimba, ndipo mawa akadzatumidwanso ku banja lomwelo adzayenda ndi mtima wokhazikika. Dokotala woika chitsulo m'fupa la munthu ali ngati thenga ameneyu. Walumikiza zinthu ziwiri zosabadwira pamodzi, ndipo sangadziwe ngati zikukhalitsana pokhapokha atakaziona patapita zaka.

Mbiri ya opaleshoni imeneyi ikuchitira umboni. Amene adaikhazikitsa m'njira imene ikuchitikira lero ndi dokotala wa ku England, John Charnley, wa pa chipatala cha Wrightington. Poyamba iye ankapanga kachikho ka m'chiuno ndi pulasitiki woterera kwambiri wotchedwa Teflon. Odwala pafupifupi 300 adaikidwa kachikhoka, ndipo m'miyezi yoyamba adayenda mosangalala. Koma pasanathe zaka zambiri Teflon uja adaperepeseka, tizidutswa take tidawononga minofu ndi mafupa, ndipo Charnley adayenera kuwachitanso opaleshoni anthu ake. Chimene chidamupulumutsa n'chakuti ankawatsatira odwala ake ndi kulemba zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. M'mwezi wa Novembala 1962 adayamba kugwiritsa ntchito pulasitiki wina wolimba, amene mtundu wake ukugwirabe ntchito mpaka lero. Ngakhale zinthu zitayenda bwino, iye sadati ndadala. Ankapempha odwala ake kuti akadzamwalira alole kuti chiunocho chidzachotsedwe, kuti adzaone mmene chidathera m'thupi.

Koma dokotala mmodzi amaona odwala ake okha, ndipo mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake dziko la Sweden lidayambitsa kaundula wa dziko lonse wa maopaleshoni a bondo m'chaka cha 1975, ndi wa chiuno m'chaka cha 1979. Norway idatsatira mu 1987, Australia mu 1999, ndipo England ndi Wales adayamba kulemba mu 2003. Ntchito ya kaundula ndi yosavuta kuimvetsa. Amalemba munthu, matenda ake, mtundu wa chitsulo, chipatala ndi tsiku. Munthuyo akadzachitidwanso opaleshoni chifukwa chakuti chitsulo chakhwefuka, chaguluka, chatha kapena palowa tizilombo, amalembanso. Mayina akachuluka, choonadi chimayandama chokha ngati mafuta pamadzi.

Phindu lake lidaoneka poyera pa nkhani ya chiuno chotchedwa ASR cha kampani ya DePuy. Chiuno chimenechi chidali chachitsulo mbali zonse ziwiri, ndipo chidatamandidwa kuti n'choyenera anthu amphamvu amene adakali pantchito. Anthu pafupifupi 93,000 padziko lonse adaikidwa chiunochi. Dokotala aliyense payekha ankaona wodwala mmodzi kapena awiri akubwerera ndi ululu, n'kumayesa kuti ndi tsoka chabe. Koma kaundula wa ku Australia adaona kuti obwerera akuchuluka kuposa muyezo, ndipo wa ku England ndi Wales adasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse ankachitidwanso opaleshoni pasanathe zaka zisanu. M'mwezi wa Ogasiti 2010, kampaniyo idachotsa chiunocho pamsika. Chidali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo amene adang'amba mkuyuwo ndi anthu olemba ndi kuwerenga.

Makaundula omwewa ndi amene amayankha funso limene wodwala aliyense amafunsa, lakuti chitsulochi chikhala zaka zingati. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'magazini ya The Lancet m'chaka cha 2019 adasonkhanitsa zolembedwa m'makaundula a maiko angapo olemera, ndipo adapeza kuti mwa ziuno 100 zochita kuika, pafupifupi 58 zimafika zaka 25, pamene mwa mawondo 100, pafupifupi 82 amafika zaka zomwezo. Komabe ziwerengero zimenezi n'za anthu a kwina, ambiri mwa iwo okalamba oyandikira zaka 70, okhala pamipando ndi kuyenda m'misewu yosalala. Sizinganene za mlimi wogwira khasu, woyenda m'mizere ndi kusenza matumba a chimanga. Kudalira ziwerengero za eni okhaokha ndi kutuma kandimverere, amene adakanena za m'maluwa.

Madokotala a mafupa a m'Malawi adazindikira zimenezi msanga. Chipatala cha Beit CURE chitatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 2002, maopaleshoni oika chiuno ndi bondo adayamba kuchuluka, ndipo m'chaka cha 2005 kudakhazikitsidwa kaundula wa dziko lonse, wa bungwe la Malawi Orthopaedic Association, mmodzi mwa makaundula oyambirira a mtundu umenewu m'maiko osauka. Lipoti lake loyamba lidatuluka mu 2009, lolembedwa ndi madokotala monga Nicholas Lubega, Nyengo Mkandawire ndi Jim Harrison. Lidanena za ziuno 73 zoikidwa mwa anthu 58 ndi madokotala anayi m'zipatala zinayi, pamodzi ndi mawondo 20. Chiwerengerocho chidali chochepa, koma chidaulula chinthu chachikulu. Ku Ulaya, ambiri amaikidwa chiuno chifukwa cha nyamakazi ya ukalamba. M'Malawi, ziuno 35 mwa 73 zija zidaikidwa chifukwa cha matenda ena, a kufa kwa mutu wa fupa la ntchafu magazi akaleka kufikako, ndipo za nyamakazi ya ukalamba zidali 22 zokha. Odwala a kuno adalinso ocheperapo msinkhu, a zaka pafupifupi 52. Kufa kwa fupa kumeneku kumadza ndi zinthu monga kuvulala, mowa wambiri, mankhwala a steroid, matenda a sickle cell ndiponso kachilombo ka HIV.

Mkulu wa ku Edingeni sankadziwa chilichonse cha zimenezi, ndipo sakadazifuna, mpaka pamene tsoka lidagogoda pa khomo la mng'ono wake. M'chaka cha 2016 mwana wa mng'ono wakeyo, amene pa mwambo wa Chingoni ndi mwana wake ndithu, adabwerera kuchokera ku Johannesburg akuyendera ndodo. Adali bambo wa zaka 38, wa ana atatu, ndipo mutu wa fupa lake la ntchafu udali utafa n'kuphwanyika. Madzulo ena adapempha kuti ayankhule ndi mkuluyo awiriwiri kuseri kwa khola. Atakhala chete nthawi yaitali adati, "Adada, inu mudachira chifukwa magazi anu ndi abwino. Ine ndili ndi kachilombo, ndimamwa ma ARV. Anzanga ku Joni adandiuza kuti munthu ngati ine akaikidwa chitsulo, bala limachita mafinya mpaka mwendo kudulidwa. Musagulitse ng'ombe chifukwa cha ine." Mkuluyo adasowa choyankha. Adali ndi mwendo wabwino, koma mwendo wake sukadatha kuchitira umboni magazi a munthu wina.

Yankho adakalipeza kwa mmodzi wa akadaulo a mafupa a m'zipatala za m'maboma, otchedwa orthopaedic clinical officer, gulu limene lidayamba kuphunzitsidwa m'Malawi mu 1985 ndipo ndi limene limathandiza anthu ambiri othyoka mafupa m'dziko muno. Kadauloyo adawauza kuti mantha a mnyamatayo madokotala nawonso adali nawo kale, koma tsopano adayesedwa. M'chaka cha 2014 madokotala adafalitsa zimene adapeza m'kaundula wa Malawi za anthu 29 okhala ndi HIV amene adaikidwa ziuno 43. Adawatsatira kwa zaka pafupifupi zitatu ndi theka, ena mpaka zaka zisanu ndi zitatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene bala lake lidalowa tizilombo. Pa mayeso otchedwa Harris Hip Score, amene amapereka malikisi 100 kwa chiuno chosapweteka ndi chogwira bwino ntchito, anthuwo adachoka pa malikisi 27 kufika pa 86. Mnyamatayo adadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Mkuluyo adafunsa kuti, "Nanga adadziwa bwanji zonsezi?" Kadauloyo adayankha kuti, "Chifukwa anthuwo ankabwerera kukaonedwa, adada, ngakhale pamene sankamva kupweteka. Nanga inu mudapitako liti komaliza?"

Funso limeneli lidamulasa mkuluyo. Usiku umenewo adaganizira za anthu 29 amene sadawaonepo, amene adakwera mabasi, nataya ndalama ndi masiku a kumunda, kuti akangonena kuti ali bwino. Mawu awo ochepawo ndi amene lero adaimika mwana wake. Adaganiziranso za dzina lake m'kaundula muja, lolembedwa kawiri n'kusiyidwa, monga mwana wolembetsa sukulu amene sadabwere kudzalemba mayeso. Munthu wotere owerenga sadziwa pomuika. Akamuwerengera pa ochira, mwina akunama, pakuti angakhale ali gone m'nyumba. Akamuwerengera pa olephera, mwinanso akunama, pakuti angakhale akuvina ku Hora. Malipoti a kaundula wa Malawi amene adatsatira, la mawondo mu 2018 ndi la ziuno zimene zidatha zaka khumi mu 2019, adaonetsa zotsatira zolimbikitsa, koma polondola anthu a zaka khumi aja kudapezeka kuti ena adamwalira ndipo ena sadapezekenso. Aliyense wosowa amachepetsa mphamvu ya umboni wa anzake.

Atakolola m'chaka cha 2017, mkuluyo adaperekeza mwana wake ku Blantyre, ndipo iyenso adakapereka buku lake la kuchipatala. Namwino amene adamulandira adali wina, koma dzina lake adalipeza. Adamufunsa mafunso 12 a pepala lina lochokera ku Oxford: ngati angathe kukwera masitepe, kuvala sokosi, kulowa ndi kutuluka m'galimoto, kukagula zinthu yekha ku sitolo. Mkuluyo adayankha onse, kenaka adati, "Mama, mafunso anu ndi abwino, koma adalembedwa ndi munthu wosalima. Simudandifunse ngati ndingathe kupalira mzere mpaka kumapeto, kukhala pansi pa maliro, kapena kugwada pamaso pa Inkosi." Namwinoyo adavomereza kuti mfundoyo ndi yoona, ndipo adailemba m'mbali mwa pepala. Nayenso woyezedwa ali ndi choti aphunzitse woyeza, koma angamuphunzitse pokhapokha atabwera.

Pa mafunso onse mkuluyo adakhoza bwino, koma chithunzi cha X-ray chidanena zina. Dokotala adachiika pafupi ndi cha 2010, namuonetsa kuti mutu wachitsulo uja sudalinso pakati penipeni pa kachikho, koma udasendera pang'ono m'mwamba. Pulasitiki adali atayamba kudyeka. Adamufotokozera kuti kudyeka kotere sikupweteka poyamba, koma tizidutswa ta pulasitiki tingathe kuchititsa kuti fupa lozungulira chitsulo lisungunuke mwakachetechete, ndipo ululu ukamadzayamba, fupa lambiri limakhala litatha. Opaleshoni yokonzanso ndi yaikulu, yodula ndi yovuta kuposa yoyamba. Kwa iye nthawi idali isanathe: fupa lidali lolimba, chitsulo chidali chosagwedera. Adamulangiza kuti azijambulitsa chaka ndi chaka, aleke kusenza katundu wolemera, ndipo achepetse kuponda pansi mwamphamvu. Mkuluyo adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Adali atabwera kudzathandiza owerenga, koma adapeza kuti wadzithandiza yekha.

Kuleka kutsogolera ingoma kudamupweteka kuposa mpeni wa dokotala. Chishango chake adachipereka kwa mdzukulu wake, ndipo iye adasamukira ku mzere wa akuluakulu oimba ndi kuwongolera mapazi a anyamata ndi ndodo. Ng'ombe zina zinayi zidatuluka m'khola, ndipo m'chaka cha 2018 mwana uja adaikidwa chiuno chatsopano. Bala lidapola bwino. Lero amapalasa njinga kupita ku msika wa Embangweni ndipo amalima munda wake. Koma tsiku limene adataya ndodo, abale atayamba kunena kuti wadala, mkuluyo adawaletsa. Adati, "Nenani kuti lero wayenda bwino. Zakudala tidzanena madzi akapita." Pa chikuto cha buku la kuchipatala la mnyamatayo adalembapo yekha miyezi yobwerera, ndipo nambala za lamya adaperekako zitatu, kuti imodzi ikagwera m'madzi zina zidzalire.

Sikungakhale chilungamo kusenzetsa odwala okha mtolo umenewu. Mkuluyo sadaname pamene adati ulendo wa ku Blantyre ndi mbuzi yathunthu, ndipo ambiri amene amasowa m'kaundula sasowa chifukwa cha mwano koma chifukwa cha umphawi ndi kutalika kwa mtunda. Kutsegulidwa kwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery pa Kamuzu Central Hospital m'chaka cha 2023 kudafupikitsa njira ya anthu a kumpoto ndi pakati. Komabe munthu wa ku Edingeni sayenera kuwoloka dziko lonse kuti akangojambulitsa chiuno. Chithunzi chingathe kujambulidwa ku Mzimba kapena ku Mzuzu n'kutumizidwa kwa dokotala wake, ndipo mafunso angathe kufunsidwa pa lamya m'chiyankhulo chimene munthuyo amalota nacho. Nawonso madokotala ndi zipatala ali ndi mbali yawo, yolemba opaleshoni iliyonse, imene yayenda bwino ndi imene yalakwika, popanda kubisa. Kaundula wolemba zokoma zokhazokha ali ngati mphunzitsi wowerenga okhoza okha n'kumati sukulu yake ilibe olephera.

Mwambi uja suletsa munthu kukondwera. Wochira ayenera kuthokoza, ndipo nthungululu za tsiku lotaya ndodo n'zoyenera. Chimene mwambiwu umaletsa ndi kutseka nkhani isanathe. Kulinda si kukhala manja lende, koma kupita ku mtsinje m'mawa uliwonse kukaona pamene madzi afika, ndi kuuza anansi zoona zake za chimene waona, kuti nawonso adziwe podzala. Munthu woikidwa chiuno kapena bondo amene amabwerera kukaonedwa ali bwino, amateteza fupa lake, amaphunzitsa dokotala wake, ndipo amasiyira umboni munthu wina amene sadzamuona, amene tsiku lina adzakhala kuseri kwa khola akuopa kugulitsa ng'ombe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mkulu wa ku Edingeni tsopano wapitirira zaka 70. Chaka chilichonse akamaliza kukolola amavala jekete lake, natenga buku la kuchipatala, n'kukwera galimoto ya pa boma. Anzake a pabwalo akamufunsa kuti akudwala chiyani, iye amayankha kuti, "Sindikudwala. Ndikukaona pamene madzi afika."